Chizungu cha papepala amakhoza, cha m'khutu chikuwadutsa

Nthawi sinakwane 8 koloko m'mawa koma holo yadzaza kale. Ochedwa aima motsamira khoma, ena akhala pamasitepe, makope ali pamaondo. Ndi ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ina ya boma m'dziko muno, aja anzawo amawatchula kuti ma yearo.

Mphunzitsi walowa, walumikiza laputopu ku pulojekita, wayesa chimkuzamawu. Chikungokhosomola. Wachiika patebulo n'kuyamba ndi pakamwa pokha.

Mphindi zisanu zoyambirira zolembera zikuthamanga. Kenako zikuyamba kuima, china apa, china apo.

Mtsikana wina chakumbuyo wasuzumira m'kope la mnzake. Mnzakeyo naye maso ali m'kope la wina. Tsamba likangosintha pakhoma, mafoni onse ali m'mwamba, kujambula. Mphunzitsi waponyapo nthabwala. Aseka ndi a mizere iwiri yakutsogolo. Akumbuyo aseka pambuyo pake, poona kuti anzawo aseka.

Ola latha.

"Any questions?"

Zii.

"Are we together?"

"Yes!" Holo yonse, mwamphamvu.

Koma ukaima pakhomo pamene akutuluka, umamva funso limodzi likuyenda pakamwa ndi pakamwa, tsopano m'Chichewa: paja amati chiyani? Class rep asanafike n'kukhonde komwe amuzungulira kale, kufuna kudziwa ngati abwana asiya manotsi oti atumizidwe pa gulu la WhatsApp.

Awatu si ana ofooka m'kalasi. Kuti munthu asankhidwe kupita ku yunivesite ya boma amayenera kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, ndipo limodzi mwa maphunzirowo limayenera kukhala Chingerezi. Aliyense m'holomu anachikhoza. Ena anapata 1 kapena 2.

Nanga chikuvuta n'chiyani?

Chingerezi anachiphunzira ndi maso, anayesedwa ndi cholembera, koma kuno chikubwera kudzera m'khutu.

Taonani njira imene mwana wa kuno amadutsa. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhalabe cha m'maofesi a boma. Kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kulowa m'Chingerezi mu Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti izi ziyambire mu Sitandade 1.

Zimenezo ndi za papepala.

M'kalasi ya ana oposa 100, monga zimakhalira m'sukulu zambiri chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mphunzitsi amawerenga chiganizo m'Chingerezi n'kuchimasulira nthawi yomweyo m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Palibe angamudzudzule, akufuna ana amve. Koma mwana si wopusa. Amazindikira msanga kuti Chizungu chikadutsa, kumasulira kuli m'mbuyo. Ndiye avutikirenji? Khutu limaphunzira kudikira.

Kunja kwa sukulu n'chimodzimodzi. Mlaliki akakhuthula Chingerezi paguwa, womasulira ali pambali pake, thukuta lili kamukamu. Ku video show mafilimu ambiri amabwera atawaikira kale mawu a Chichewa pamwamba, ndi nthabwala zomwe mwini filimuyo sanalotepo. Ngakhale Kamuzu Banda ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, a John Msonthi n'kumamasulira. Ndife fuko lozolowera kuti pakati pa ife ndi Chizungu pamakhala munthu.

Mu lecture mulibe womasulira.

N'chifukwa chake sitiyenera kudzinamiza kuti poti Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma, ndiye kuti sichachilendo kwa ana athu. Mnyamata wa ku Angónia m'dziko la Mozambique amaphunzira m'Chipwitikizi, Chingerezi n'kukhala phunziro chabe. Msuweni wake wa ku Dedza, tsidya lino la msewu, amati amaphunzira m'Chingerezi. Koma belu loweruka likalira, onse awiri amabwerera m'mudzi momwe Chingerezi sichimveka mpaka mawa.

Kenako pali mayeso. Kuyambira a Sitandade 8 mpaka a Fomu 4, bungwe la MANEB limayesa Chingerezi polemba: galamala, chimangirizo, kuwerenga ndime n'kuyankha mafunso, kufupikitsa nkhani, mabuku a zolembalemba. Silabasi imatchula maluso anayi, kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, koma palibe tsiku limene ophunzira amakhala chete m'chipinda cha mayeso kumvetsera munthu akulankhula.

Mphunzitsi wa Fomu 4 amene akuthamangitsana ndi nthawi amadziwa chobwera pamayeso. Chosabwera chimadikira teremu yamawa, ndipo teremuyo sifika.

Kulinso sukulu zimene zimalanga mwana akagwidwa akulankhula chiyankhulo cha kwawo. Zotsatira zake nthawi zambiri si Chingerezi chochuluka ayi. Ndi ana osalankhula.

Tsopano tiyeni tilowe m'khutumo, pakuti vuto lenileni lili mmenemo.

Papepala mawu amaima payekhapayekha, pakati pali mpata. Ukaphonya, umabwerera m'mbuyo ndi chala. Mawu olankhulidwa alibe mipata. Amatuluka atagwirana, ena ataphwanyika, ena atamezedwa. Chimene m'buku chalembedwa kuti "going to" chimatuluka ngati "gonna". "Would have" amasanduka kaphokoso kamodzi. Timawu ngati "of", "to", "and" ndi "can" timafooka mpaka kungotsala mpweya, pamene kusiyana kwa "can" ndi "can't" ndiko kusiyana kwa inde ndi ayi.

Chichewa sichichita zimenezi. Phatikizo lililonse timalitchula lonse, ndipo mawu athu amathera pa lembo la liwu. Tikabwereka mawu timawakonza kuti akhale mwa chikhalidwe chathu: sukulu, sitolo, supuni, buledi. Chingerezi chimaunjika malembo opanda liwu atatu kapena anayi malo amodzi, monga kumapeto kwa "texts", ndipo mwini chiyankhulo amameza ena mwa iwo osadziwa n'komwe kuti wameza.

Ife tili ndi malembo a liwu asanu: a, e, i, o, u. Chingerezi cha ku England chimasiyanitsa maliwu otere pafupifupi 20. Kwa khutu lokulira m'Chichewa, "ship" ndi "sheep" ndi mawu amodzi. "Hat", "hut" ndi "heart" amayandikana kwambiri. L ndi r kwathu kuno sizisintha tanthauzo la mawu, koma m'Chingerezi "correct" ndi "collect" ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mphunzitsi akanena limodzi mwa mawuwa pokamba za ma assignment, ena amatuluka akudziwa kuti akakonze, ena akudziwa kuti akatenge.

Palinso nkhani ya pamene mawu amagunda mwamphamvu. Mu 1987 akatswiri Anne Cutler ndi David Carter anawerengetsera mawu a m'macheza a Angerezi, n'kupeza kuti pafupifupi 90 pa 100 alionse a mawu onyamula tanthauzo amayamba ndi phatikizo lamphamvu. Mngerezi akamva kugunda, khutu lake limadziwa kuti mawu atsopano ayamba. M'Chichewa mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Choncho khutu lathu limafunafuna malire a mawu pamalo pomwe palibe.

Zonsezi zimachitika pa liwiro losadikira munthu. Steve Tauroza ndi Desmond Allison, mu kafukufuku wawo wa 1990, anapeza kuti mphunzitsi wa ku yunivesite amalankhula mawu pafupifupi 140 pa mphindi, pamene anthu ocheza amafika pa 210. Dzanja la munthu silingalembe ngakhale theka la mawu 140 pa mphindi. Ndiye wophunzira ayenera kumva, kusankha chofunika, kuchifupikitsa ndi kuchilemba, khutu lili pa chiganizo chotsatira. Kusekondale sanaphunzire zimenezi. Kumeneko manotsi ankalembedwa pabolodi, iye n'kumakopera.

Vutoli si lathu lokha. Mu 2000 Christine Goh wa ku Singapore anafalitsa zomwe anapeza kwa ophunzira 40 ochokera ku China amene ankakonzekera maphunziro a ku yunivesite m'Chingerezi. Anawapempha kuti azilemba zimene zikuwavuta akamamvetsera. Madandaulo amene anabwera kawirikawiri anali awa: kuiwala msanga zimene wangomva, kulephera kuzindikira mawu amene umawadziwa bwinobwino, ndi kumva mawu onse koma osatola chimene wolankhula akutanthauza. Ena anati akaima kuti aganizire liwu limodzi, zotsatira zonse zimawadutsa.

Ukacheza ndi ophunzira athu pansi pa mitengo ya pa kampasi, madandaulo ndi omwewa. Lachiwirilo ndilo limapweteka kwambiri. Munthu amamva mawu achilendo m'kalasi, n'kuwalemba mmene wawamvera. Madzulo, potsegula manotsi a pa WhatsApp, amapeza kuti ndi mawu amene anawaloweza ali Fomu 2. Ankawadziwa ndi maso. Anali asanawamvepo akutchulidwa, kapena anawamva mwa katchulidwe kena.

Pamenepa pakubwera nkhani ya katchulidwe. M'mayunivesite athu mumadutsa aphunzitsi ochokera ku India, Nigeria, Kenya, Britain, America ndi kwina. Aliyense ali ndi Chingerezi chake. Wophunzira akathawira ku YouTube kuti amvetse phunziro la chemistry, amakumana ndi Mmwenye m'kanema woyamba, Mmereka m'wachiwiri. Khutu limene kwa zaka 12 linamva Chingerezi cha aphunzitsi a ku Malawi okha limafuna masabata kuti lizolowere liwu lililonse latsopano. Semesita siyembekeza.

Tisanamizane kuti Chingerezi cha Mmalawi n'cholakwika. N'chathu, ndipo chimagwira ntchito kukhoti, ku Nyumba ya Malamulo ndi pa wailesi. Vuto ndi kukhala ndi khutu lodziwa mtundu umodzi wokha.

Mliri wa Covid-19 unaika zonsezi poyera. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020, mayunivesite ena anayesa kuphunzitsa pa intaneti. Netiweki ikadula theka la chiganizo, mwini chiyankhulo amadzaza yekha mpatawo m'mutu. Wophunzira chiyankhulo sangathe. Atabwerera m'kalasi anapeza aphunzitsi atavala masiki, milomo yosaoneka, mawu otsekeka. Ambiri anazindikira nthawi imeneyo kuti ankamva ndi maso omwe.

Nanga bwanji safunsa?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambiwo sunena za manyazi oimirira pakati pa anthu 300 n'kuthyola Chizungu. Wofunsa amaopa zinthu ziwiri: kusekedwa chifukwa cha katchulidwe kake, ndi kuyankhidwa m'Chingerezi chomwe chija chimene sanamve poyamba. Kuonjezera apo tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sumudula pakamwa. "Yes" wa holo yonse uja ndi ulemu. Mphunzitsi amene amamutenga ngati umboni wakuti anthu amva, akudzinyenga.

Manyaziwa sagwa mofanana. Wochokera kusukulu yolipira ya m'tauni, amene anakulira pa makatuni a pa DStv, amakhala kutsogolo n'kumaseka nthabwala pa nthawi yake. Wochokera kusekondale yoyendera ya kumudzi, amene mwina anamuposa pa masamu, amakhala kumbuyo n'kumajambula khoma. Sabata ziwiri zoyambirira zimakwana kuti wachiwiriyu ayambe kudzikayikira nzeru.

Nzeru zilipo. Chikusowa ndi maola amene khutu lakhala likumva chiyankhulocho.

Ophunzira amapeza njira zawo zopulumukira, ndipo zina n'zabwino. Madzulo m'mahositelo mumakhala timagulu ta discussion, pomwe amene anamva amafotokozera anzake m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Ambiri amene ali ndi madigiri lero anapulumukira pamenepo. Koma onani chimene chachitika: womasulira uja wabweranso.

Njira ina ndi kuloweza. Munthu amatenga manotsi n'kuwameza mmene alili. Funso likabwera mofanana ndi manotsi, wakhoza. Likatembenuzidwa pang'ono, kapena likachokera pa chitsanzo chimene mphunzitsi anangonena pakamwa, basi, sapu, mayeso obwereza. Masapu akachuluka, mawu oopsa aja amamveka: wawididwa. Pa kalata yomuchotsa amalemba kuti walephera maphunziro. Palibe amalemba kuti sankamva.

Ovutika sathera pa geti la yunivesite. Namwino wophunzira amalandira malangizo a dokotala pakamwa, m'wodi yaphokoso, ndipo "fifteen" ndi "fifty" amasiyana pa kugunda kwa phatikizo limodzi. Loya wachinyamata amayenera kutola funso la woweruza ulendo umodzi. Wofunsira ntchito ku bungwe lakunja amafunsidwa pa Zoom ndi munthu amene ali ku Nairobi kapena ku Dublin.

Ofuna kupita kunja ndiwo amakumana nacho maso ndi maso. Boma la Britain lili ndi mndandanda wa mayiko amene limati anthu ake ambiri amalankhula Chingerezi, ndipo mulibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Choncho Mmalawi wa digiri nthawi zambiri amauzidwa kuti alembe mayeso monga IELTS. Gawo lomvetsera lili ndi mafunso 40 m'zigawo zinayi, limatenga pafupifupi mphindi 30, ndipo mawu amamveka kamodzi kokha. Chigawo chomaliza ndi munthu mmodzi akuphunzitsa ngati mu lecture. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ku Britain limafuna 7 pa gawo limeneli, kutanthauza kukhoza mafunso pafupifupi 30 mwa 40 aja.

Kwa ambiri, limeneli ndi tsiku loyamba m'moyo wawo kuyesedwa kumva Chingerezi. Amakhala atachiphunzira zaka 16, ndipo alipira ndalama zambiri kuti akhale pampandopo.

Mayunivesite sanakhale manja lende. Pafupifupi onse ali ndi phunziro la chaka choyamba la Language and Communication Skills kapena lofanana nalo, ndipo kumvetsera ndi kulemba manotsi zimakhalamo. Koma kalasi ya anthu mazana, maola ochepa pa sabata, ndi chimkuzamawu chokhosomola chija, zimachititsa kuti luso lomvetsera liphunzitsidwe ngati mbiri: mitundu ya kumvetsera ndi iyi, zolepheretsa kumvetsera ndi izi, lowezani. Munthu angathe kukhoza mayeso a mutu umenewu osamvabe mphunzitsi wa physics. Zili ngati kuphunzira kupalasa njinga powerenga buku la njinga.

John Field, m'buku lake la 2008 lotchedwa Listening in the Language Classroom, anadzudzula chizolowezi china chofala padziko lonse. Mphunzitsi amaseweretsa mawu ojambulidwa, amafunsa mafunso, amachonga, n'kupita pa ndime ina. Field anati kumeneko ndi kuyesa, osati kuphunzitsa. Yankho lolakwika ndi pamene ntchito iyenera kuyambira: wophunzirayu anamva chiyani? Anasochera pa liwu liti? Kenako abwereze kachidutswa komweko ka masekondi ochepa mpaka khutu litatola pamene mawu agwirana.

Larry Vandergrift wa ku Canada ndi Christine Goh yemwe uja anaonjezera mbali ina m'buku lawo la 2012: wophunzira aphunzire kuyendetsa yekha kumvetsera kwake. Asanamve aganizire zimene zingabwere. Atamva koyamba akambirane ndi mnzake zimene aliyense watola. Amvenso, akufunafuna pamene anasiyana. Ndipo aphunzire kulola liwu limodzi kupita kuti apulumutse chiganizo chonse.

Mawu nawo ayenera kuchuluka. Paul Nation wa ku New Zealand anawerengetsera mu 2006 kuti munthu amafunika mabanja a mawu pakati pa 6,000 ndi 7,000 kuti azitsata bwino Chingerezi cholankhulidwa popanda thandizo. Koma mawu amene umawadziwa papepala pokha sawerengedwa pamenepa.

Chosangalatsa n'chakuti zida zake zili kale m'thumba mwa ophunzira. Foni yomwe ikujambula khoma ingathe kujambula mawu, ngati mphunzitsi walola. Nkhani za Chingerezi za pa MBC, Zodiak kapena BBC zimanena zinthu zimene munthu wamva kale m'Chichewa, ndiye mutu sulimbana ndi nkhani, umalimbana ndi mawu okha. Anyamata amene amathera Loweruka pa mpira wa Premier League amamva Chingerezi chothamanga kwa mphindi 90, ndipo ambiri amachitola bwino kuposa cha m'kalasi, chifukwa nkhaniyo amaidziwa ndipo amaikonda. Kanema wa mphindi zitatu womvetsera katatu, koyamba popanda mawu olembedwa m'munsi, kachiwiri ndi mawuwo, kachitatu popandanso, amaphunzitsa khutu kuposa filimu ya maola awiri yongoonera. Bandulo ndi yodula, inde, koma mawu okha sadya bandulo ngati kanema.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kusenzetsa wophunzira katundu yense. Aphunzitsi ambiri a ku yunivesite ndi akatswiri pa maphunziro awo, koma sanaphunzirepo kulankhula kwa anthu amene Chingerezi ndi chiyankhulo chawo chachiwiri kapena chachitatu. Ena anaiwala kuti nawonso anakhalapo kumbuyo kwa holo.

Mu 1986 Craig Chaudron ndi Jack Richards anaonetsa kuti ophunzira otere amakumbukira bwino lecture imene mphunzitsi akulengeza poyera pamene ali: tsopano tayamba mfundo yachiwiri, ichi ndi chitsanzo chabe, apa ndi pofunika. Zimenezi sizifuna bajeti. Kulemba pabolodi liwu latsopano n'kulitchula kawiri sikufuna bajeti. Kupuma pakatha mphindi 15 kuti anthu awiriawiri auzane zimene amva, ngakhale m'Chichewa, sikufuna bajeti. Kutumiza manotsi phunziro lisanachitike, m'malo mwa pambuyo, kumapatsa khutu mwayi wodziwa chimene likudikira.

Ndipo m'malo mofunsa ngati tili limodzi, mphunzitsi angathe kupempha aliyense alembe pa kapepala, osaikapo dzina, mfundo imodzi imene watola ndi imodzi imene yamudutsa. Timapepala timeneto sitisangalatsa kuwerenga.

Funso lalikulu latsalira a unduna ndi a MANEB. Kuyesa kumvetsera pa MSCE kungasinthe kaphunzitsidwe m'chaka chimodzi, chifukwa aphunzitsi amatsata mayeso. Koma kungafune kuti malo alionse olembera mayeso, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, akhale ndi chida chomveka bwino, mabatire kapena magetsi odalirika, ndi chipinda chimene mwana wa kumbuyo akumva mofanana ndi wa kutsogolo. Kupanda kutero, mayesowo angangolanganso mwana yemwe uja wa kusekondale yoyendera. Dziko lino linaphunzitsapo kale ana a pulayimale kudzera pa wailesi, mu pulogalamu ya Tikwere imene inkamveka pa MBC, ndipo sukulu zinalandira mawailesi osafuna magetsi a ESCOM. Zimene zinatheka ku Sitandade 1 zingayesedwe ku Fomu 3, zaka zingapo mayesowo asanayambe.